Kodi oyamwa magazi anachokera kuti? Kuunika buku la The Queen of the Damned

Anthu amene anawerenga The Queen of the Damned sagwirizana kawirikawiri, ndipo pamene amasemphanirana mpodziwika. Ena amati pa mabuku onse a Anne Rice onena za akufa oyamwa magazi, ili ndilo lili ndi mnofu. Ena amalitseka asanafike n'pakati pomwe, akudandaula kuti ankafuna nkhani ya Lestat, woyamwa magazi amene ndi mpangankhani wamkulu wa mabukuwa, koma anapatsidwa chigulu cha alendo osawadziwa. Magulu onse awiriwa akunena zinthu zimene zilimodi m'bukuli. Oyambawo akuyamikira katundu, enawo akudandaula ndi kamangidwe ka mtolo. Ife tikuti katunduyo ndi wabwino zedi, ndipo ndi olemba ochepa amene anayankhapo mwaluso chotere funso la kumene oyamwa magazi anachokera. Koma mtolowo unamangidwa mopendekeka, ndipo wogula ayenera kudziwiratu pamene udzamulemere.

Bukuli linatuluka mu 1988 ku New York, losindikizidwa ndi Alfred A. Knopf. Ndi lachitatu pa mndandanda wa The Vampire Chronicles, lotsatira Interview with the Vampire la 1976 ndi The Vampire Lestat la 1985. Lili ndi masamba opitirira 400, ogawidwa m'magawo 5 ndi mawu otsegulira. Tinena za mathero ake mosabisa, chifukwa nthano ya chiyambi imaoneka kulimba kwake mukaona ngati mathero akulowa bwino m'chiyambicho. Amene sakufuna kudziwiratu aimire pano.

Funso limene Rice akuyankha ndi lakale. Mawu akuti vampire, otanthauza wakufa woyamwa magazi, anafalikira ku Ulaya kudzera m'malipoti a akuluakulu a boma la Austria ochokera m'midzi ya ku Serbia. Mu 1725 anthu a ku Kisiljevo anafukula mtembo wa Petar Blagojević, ndipo mu 1732 madokotala a asilikali analemba za mitembo ina yofukulidwa ku Medveđa. Ofukulawo ankapeza mtembo wotupa, wofiirira, uli ndi magazi kukamwa, n'kuganiza kuti wakhuta magazi a amoyo. Chonsecho umu ndi mmene thupi limaolera: mpweya wa m'mimba umalitupitsa ndi kukankhira madzi ofiira kukamwa ndi m'mphuno. Nkhani zimenezo zinkangonena mmene munthu mmodzi wasandukira. Ngakhale Dracula la Bram Stoker, la 1897, silitchula woyamba wa onse. Woyamwa magazi aliyense anapangidwa ndi mnzake, mnzakeyo ndi winanso, nanga mukatsata mzerewo chobwerera mukaima pati? Olemba ambiri amatchula temberero kapena Satana n'kudutsapo msanga. Rice anakhala pansi n'kumanga yankho lokhala ndi ziwalo zolumikizana.

Yankholo lili motere. Zaka pafupifupi 6,000 zapitazo, ku Egypt kusanamangidwe mapiramidi, dzikolo, limene bukuli limalitchula ndi dzina lake lakale la Kemet, linkalamulidwa ndi mfumu Enkil ndi mkazi wake Akasha, wobadwira ku Uruk. Akasha ankanyansidwa ndi mwambo wodya akufa ndipo anauletsa. Kutali ndi kumeneko, m'mapanga a phiri la Carmel, kunali mapasa aakazi atsitsi lofiira, Maharet ndi Mekare, olankhula ndi mizimu ndi kuitana mvula. Kwa anthu a mtundu wawo, kudya ubongo ndi mtima wa kholo lomwalira unali ulemu womaliza, kuti thupi la mayi lisaolere m'dothi koma likhale mwa ana ake. Asilikali a Enkil anafika pa tsiku lenileni limene mapasawo ankachita mwambowu pa maliro a mayi wawo. Anapha anthu a m'mudzimo, anapondaponda zonse zimene zinakonzedwa, n'kutenga mapasawo ukapolo.

Kunyumba ya mfumu, Akasha ankafuna kumva za milungu yake. Mizimu inamuuza zimene sankafuna kumva, zoti milunguyo kulibe, ndi mizimu yomweyi imene imasewera ndi anthu oipembedza. Pofuna kuonetsa kuti mapasawo alibe mphamvu iliyonse, Enkil analamula Khayman, kapitawo wa nyumba yake, kuti awagwirire pamaso pa anthu. Maharet anatenga pakati ndipo anadzabala mwana wamkazi, Miriam. Mwana ameneyu ndiye tsinde la banja lalikulu la anthu wamba limene Maharet wakhala akulilondera ndi kulemba mayina ake mibadwo yonse mpaka lero.

Apa ndi pamene Amel akulowera. Amel ndi mzimu wodzitama, wokonda Mekare, umene unaphunzira kuboola khungu la munthu ngati udzudzu ndi kulawa magazi. Utakwiya ndi zimene anachitiridwa mapasawo, unayamba kuvutitsa nyumba ya Khayman usana ndi usiku. Mfumu ndi mfumukazi analowa m'nyumbamo kukalankhula nawo, ndipo anthu owaukira, amene anali ndi mangawa chifukwa cha lamulo loletsa mwambo wa makolo awo, anawabaya ndi mipeni momwemo. Pamene mzimu wa Akasha unkachoka m'thupi, Amel anaukola, n'kubwerera nawo kudzera m'mabala aja, n'kudziphatika m'magazi ake. Mabala anapola pomwepo. Akasha anapatsa Enkil magazi ake kuti asafe. Oyamwa magazi oyamba ndi awiriwa, ndipo palibe Mulungu kapena Satana amene anaikapo dzanja. Inali ngozi yobadwa ku nkhanza za anthu.

Nthano imeneyi ndi yolimba chifukwa imagwira ntchito. Mukaitenga n'kuiika pa malamulo onse a oyamwa magazi a Rice, malamulowo amaleka kukhala zinthu zongolengezedwa ndi wolemba, amakhala ndi chifukwa. Tiyambe ndi ludzu. Amel ndi wamkulu koposa, thupi limodzi silimukwana, n'chifukwa chake ludzu la Akasha poyamba linali losapiririka. Likuchepa pokhapokha magaziwo akagawiridwa kwa ena, chifukwa mzimuwo ukupeza matupi ambiri oyangamo. Ndiye kufalikira kwa oyamwa magazi sikukuchokera ku kuipa mtima kokha, kukuchokera ku ululu umene woyambayo akufuna kuuchepetsa. Mitanda, madzi odalitsidwa ndi adyo sizigwira ntchito pa iwo chifukwa chiyambi chawo sichikukhudzana ndi tchalitchi chilichonse, ndipo ndi akale kuposa Chikhristu ndi zaka zikwi zinayi. Kuuma kwa thupi nakonso kuli ndi chifukwa: mzimuwo umasintha mnofu pang'onopang'ono mpaka kukhala woyera ndi wolimba ngati mwala, motero wamkulu msinkhu amakhala wamphamvu ndipo safuna magazi ambiri. Pamapeto a njira imeneyo pali Akasha ndi Enkil, okhala pampando ngati ziboliboli zaka mazanamazana osaphethira.

Koma chiwalo chachikulu ndi ichi: onse ndi chomera chimodzi choyanga, ndipo muzu wake uli mwa Akasha. Buku lachiwiri linakonzeratu mfundoyi pamene Marius, Mroma amene anasunga awiriwa zaka pafupifupi 2,000, anafotokoza zimene zinachitika wosunga wina wakale atawatulutsira padzuwa. Oyamwa magazi anapsa dziko lonse lapansi nthawi imodzi, aang'ono anasanduka phulusa, akale anatsala akuda ndi zilonda. Choncho Akasha akadzuka n'kuyamba kupha ana ake omwe, palibe amene angamuphe osadzipha yekha. Mdani wotere ndi wovuta kumulemba bwino, chifukwa wolemba amakakamizika kupeka chida chamatsenga kumapeto. Rice sanapeke chida chatsopano. Mfungulo anaiika kale pachiyambi penipeni, pa maliro aja osatha. Mwambo umene Akasha anauletsa ndi womwewo umene ungasamutse muzu kuchoka m'thupi lake kupita m'thupi lina. Amene amati bukuli ndi la mnofu akunena za chimenechi, ndipo sakulakwa.

Chilango chachiwiri cha mapasawo ndicho chimapatsa nthanoyi ululu wake. Mekare anadulidwa lilime, Maharet anakolowoledwa maso. Khayman, amene Akasha anali atamusandutsa kale mwachikakamizo, anapereka magaziwo kwa Mekare, Mekare kwa Maharet. Pambuyo pake anagwidwa, anatsekeredwa m'mabokosi amiyala, n'kutayidwa panyanja, wina kum'mawa wina kumadzulo. Wina akuona koma sangalankhule, wina akulankhula koma amaona ndi maso obwereka kwa anthu amene wawapha, maso amene amafa m'mutu mwake n'kufunika kusintha. Zaka 6,000 akufunana osapezana. Mu mabuku a gothic, mtundu wa nkhani wokonda nyumba zakale, manda, zinsinsi za m'banja ndi zakale zokana kugona, chithunzi chotere ndi chosowa. Chimakhala m'mutu nthawi yaitali mutatseka buku.

Malo ake sanatoledwe mwachisawawa. Uruk unalidi umodzi mwa mizinda yoyambirira padziko lapansi m'nyengo imeneyo, ndipo mapanga a Carmel anakhalamodi anthu kalekale: Dorothy Garrod anayamba kufukula kumeneko mu 1929 ndipo anapeza manda akale kwambiri. Kudya akufa monga mwambo waulemu nakonso kunachitikadi m'madera ena, monga pakati pa mtundu wa Fore ku Papua New Guinea, kumene kunafalitsa matenda a ubongo otchedwa kuru. Izi sizikutanthauza kuti bukuli ndi la mbiri yakale. Enkil ndi Akasha ndi opeka, ndipo wofuna kuphunzira za Egypt asadalire nthanoyi. Chofooka m'makina onsewa ndi nkhani ya dzuwa. Ludzu lili ndi chifukwa chomveka, kuuma kwa thupi kuli nacho, koma chimene mzimu wokonda magazi umapsera ndi dzuwa sichinamangidwe molimba mofanana.

Tsopano za mtolo. Bukuli limatsegulidwa ndi Lestat akulankhula yekha ndi mawu ake aja onyada, amene owerenga buku lachiwiri anawazolowera, kenaka amatsazika. Gawo lonse loyamba, lomwe ndi lalitali kuposa limodzi mwa magawo atatu a bukuli, likufotokozedwa ndi wofotokoza wakunja, ndipo mutu uliwonse ukuyamba ndi munthu wina kumalo ena. Pali wofukula zakale wokalamba amene akumwalira ataona zojambula za mapasawo m'mapanga a ku Palestine ndi ku Peru. Pali Baby Jenks, mtsikana wa zaka 14 woyenda pa njinga yamoto. Pali Pandora kumapiri a Himalaya, Daniel ndi Armand, Khayman woiwala zakale zake ku Athens, ndi Jesse Reeves wa gulu lachinsinsi lofufuza zamizimu la Talamasca. Pafupifupi onsewa akulota maloto amodzi a akazi awiri atsitsi lofiira atagwada pambali pa mtembo, ndipo ambiri akulunjika ku San Francisco kumene Lestat akukaimba ndi gulu lake la rock.

Chimene chimalakwika apa chili pawiri. Nthawi iliyonse pamene mwayamba kumuzolowera mpangankhani, mutu umatha ndipo muyenera kuyambiranso ndi wina. Komanso maloto aja amabwerezedwa kangapo ndi kusintha kochepa, moti wowerenga watcheru amakhala atamvetsa chithunzicho kale pamene bukuli likuchionetsabe ngati chinsinsi. Ambiri amene amalisiya amalisiyira apa. Njira yodutsira ndi kuliwerenga gawoli ngati nkhani zazifupi zoima pazokha, mutu umodzi pa nthawi, osafunafuna Lestat. Zimathandizanso kulemba papepala zinthu zitatu za woyamwa magazi aliyense: anamupanga ndani, ali ndi zaka zingati, ndipo amakondana kapena kudana ndi ndani. Mudzalifuna pepalalo onse akadzakhala pa tebulo limodzi, chifukwa msinkhu ndiwo umalamula mphamvu, komanso lamulo la Rice loti wopanga ndi wopangidwa sangamvane maganizo limasintha amene angadziwe zimene mnzake akubisa.

Mitu iwiri ya m'gawoli ndi yabwino moti ikanatha kukhala mabuku paokha. Wa Daniel ndi Armand ukutenga Daniel, mnyamata uja wojambula mawu a woyamwa magazi Louis m'buku loyamba n'kuonetsa zimene zimachitikira munthu wodziwa kuti imfa ingapewedwe koma akumanidwa. Armand, woyamwa magazi, akumulondola mzinda ndi mzinda kwa zaka, poyamba ngati mlenje, kenaka ngati wokondedwa wofuna kuphunzitsidwa za makina ndi zinthu za masiku ano, ndipo Daniel akudzimaliza ndi mowa akupempha magazi amene Armand sakufuna kumupatsa. Muli mantha enieni mmenemo, ndiponso chisoni. Wa Baby Jenks ndi waufupi, wachangu, wolembedwa m'chinenero cha mumsewu, ndipo ntchito yake ndi kuonetsa kuphedwa kwa oyamwa magazi kuchokera kwa wamng'ono wosadziwa chimene chikumutentha. Mutu wa Jesse ndi wautali kwambiri ndipo umachedwa kuyaka, koma ndiwo wa gothic weniweni m'buku lonseli: nyumba yakale ya ku New Orleans, kabuku ka Claudia, mwana woyamwa magazi wa m'buku loyamba, kobisidwa m'khoma, nyumba ya Maharet m'nkhalango za Sonoma, ndi zolemba za banja zobwerera m'mbuyo kuposa mmene banja lililonse lingakumbukire. Musaudumphe, ngakhale mutatopa. Popanda Jesse, amene ndi mbadwa ya Maharet, banja lalikulu lija likhala dzina chabe.

Gawo lachiwiri ndi usiku wa Halloween ku Cow Palace, holo imene Lestat akuimbira, ndipo limathamanga. Ambiri a iwo akumana m'holo imodzi, Akasha akuwotcha adani a Lestat ali patali ndi mphamvu ya maganizo, akusiya okhawo amene Lestat amawakonda ndi akale amene sangawathe msanga. Palibe chodandaula apa.

Vuto lalikulu lili m'gawo lachitatu, ndipo ndi losiyana ndi limene ambiri amalitchula. Nthano yonse ya chiyambi imene tafotokoza ija sitiiona ikuchitika. Timaimva kwa Maharet atakhala pa tebulo m'nyumba ya ku Sonoma, akuifotokoza m'zigawo zazitali kwa gulu limene lasonkhana. Mawu ake ndi abwino, odekha ngati a mayi amene analira kale misozi yonse, ndipo kudekhako kumakulitsa kuopsa kwa zimene akunena. Koma taonani amene akumumvera: Marius, Pandora, Santino, Armand, Daniel, Louis, Gabrielle, Mael, Eric, Jesse ndi Khayman. Wowerenga wavutika masamba ambirimbiri kuti awadziwe anthuwa, ndipo tsopano angokhala duu ngati mipando. Armand, amene mutu wake unali wamoto, sachita chilichonse chosintha nkhani. Louis ndi Gabrielle chimodzimodzi. Gawo loyamba linalonjeza kuti aliyense wa iwo ali ndi ntchito kumapeto, ndipo lonjezolo silikwaniritsidwa. Khayman yekha ndi amene kukhalapo kwake kumalemera, chifukwa akumva mlandu wake ukunenedwa ndi mkazi amene anamulakwira, amenenso ndi mayi wa mwana wake.

Pakati pa zigawo za Maharet pali Lestat, amene Akasha wamutenga kuti akhale mnzake pa ntchito yake. Cholinga cha Akasha ndi kupha amuna 99 pa 100 alionse padziko lapansi, kuti nkhondo, kugwirira ndi nkhanza zithe, iye n'kukhala mulungu wamkazi wa dziko latsopanolo. Akuyambira ku kachisi wa Azim, woyamwa magazi wopembedzedwa ngati mulungu, ku Himalaya, kenaka pachilumba china cha ku Greece, kenaka ku Haiti, akuonekera kwa amayi osauka ndi kuwalamula kupha amuna awo. Owerenga amene sasangalala ndi mitu imeneyi ali ndi chifukwa chomveka. Amayiwo alibe mayina, alibe nkhope, ndi khamu longomvera, ndipo madera osauka akugwiritsidwa ntchito ngati bwalo loti zimphona zoyera khungu zichitirepo zawo. Bukuli limadzudzula Akasha pa chimenechi, koma nalonso silipatsa mayi ngakhale mmodzi mpata woganiza kapena kukana.

Ngakhale zili choncho, Akasha analembedwa mwanzeru kuposa mmene ena amanenera. Nthano ya Maharet imationetsa kuti kuyambira ali munthu anali wosatha kukhala popanda chifukwa chachikulu cholungamitsira zofuna zake. Analetsa mwambo wa eni dziko chifukwa unkamunyansa, n'kuutcha lamulo la milungu. Anatumiza asilikali kukatenga mapasa chifukwa cha chidwi, n'kuitcha nkhondo yachilungamo. Atauzidwa kuti milungu kulibe, mtima wake sunapirire mphako imeneyo. Zaka 6,000 pambuyo pake akuchita zomwezo pa mlingo wa dziko lonse. Kulumikiza kumeneku pakati pa mfumukazi yakale ndi chilombo cha lero ndi kwaluso, ndipo ndi chifukwa chabwino chimene zigawo ziwirizi zinalukidwira mosinthanasinthana.

Chimene sichinayende ndi mtsutso wa m'gawo lachinayi. Akasha afika ku Sonoma, akhala nawo pa tebulo lomwelo, ndipo aliyense ayesa kumubweza. Marius akupempha nthawi, akuti anthu ayamba kale kusintha paokha. Maharet akumuuza kuti chimene akufuna ndi kupembedzedwa. Mfundozo ndi zabwino, koma zikuzungulira malo amodzi, chifukwa wowerenga akudziwa kuti Akasha sangasinthe ndipo iwo sangavomere. Mtsutso umene mbali zonse sizingasunthe umangokhala kudikira kuti wina agogode pakhomo. Lestat naye ndi wokhumudwitsa. Anapha nawo amuna ku kachisi kuja, anavomereza yekha kuti zinamukomera, ndipo kwa nthawi yaitali ali ngati woledzera ndi magazi a mfumukazi. Kukana kwake kumabwera mochedwa. Choipa kwambiri n'chakuti gawo lomaliza limamumasula mosavuta. Patangopita masamba ochepa ali kale pa ulendo ndi Louis, akuseka, akukazunguza David Talbot wa Talamasca ku England, ngati mitembo ya pachilumba ija inali maloto. Buku limene latha masamba onsewo likuweruza Akasha linayenera kumusiyira Lestat chilonda chooneka.

Wogogoda pakhomo uja ndi Mekare. Atulukira ali matope okhaokha, atayenda kuchokera m'nkhalango za ku South America, osalankhula chifukwa alibe lilime. Akankhira Akasha pa khoma lagalasi, galasi lidula mutu, ndipo onse m'chipindamo ayamba kugwa chifukwa muzu ukufa. Mapasawo atenga ubongo ndi mtima, Mekare adya, Amel asamukira mwa iye. Zonsezi zimatenga masamba owerengeka, ndipo dandaulo lofala ndi loti mfumukazi imene yakhala ikuuluka ndi kuwotcha anthu ndi maganizo yafa mophweka kwambiri. Ife sitikugwirizana nalo dandaulo limeneli kwenikweni. Mekare ndi wa m'badwo woyamba, msinkhu wake ukusiyana ndi wa Akasha pang'ono chabe, ndiye mphamvu zawo n'zoyandikana. Ndipo m'chipinda chodzaza ndi olankhula, n'koyenera kuti womaliza nkhani akhale wopanda lilime, amene sanabwere kudzatsutsana koma kudzatsiriza maliro ndi kukwaniritsa temberero limene anatemberera Akasha asanamudule lilimelo. Kufulumira kwake kulibe vuto. Chimene chimaupangitsa kuoneka wopepuka ndi kutalika kwa zolankhula zimene zautsogolera. Mtsutso uja ukanadulidwa pakati, mathero omwewa akanagunda ngati mphezi.

Wofuna kugula adziwe kuti bukuli siloyambira. The Vampire Lestat limathera pa usiku womwewo wa ku San Francisco, nkhani ili m'malere, ndipo ili likungopitiriza. Popanda lachiwirilo simudziwa Marius, Gabrielle, kapena chifukwa chake kudzuka kwa Akasha kuli koopsa. Loyamba mungathe kulidumpha ngati mwapanikizika, koma mutu wa Jesse ndi wa Daniel utaya theka la mphamvu yake, chifukwa Claudia ndi Louis adzakhala mayina opanda kulemera. Chingerezi chake si chovuta mawu, koma ziganizo ndi zazitali ndipo Rice amakonda kufotokoza nsalu, mipando ndi nkhope mobwereza, makamaka kukongola kwa apangankhani ake. Ndakatulo za mwamuna wake, Stan Rice, zili pachiyambi pa mitu. Sizisintha nkhani, ndipo amene sizikumulowa angazidumphe osataya kanthu.

Filimu ya 2002 ya dzina lomweli, yotsogoleredwa ndi Michael Rymer, momwe Aaliyah anali Akasha ndipo Stuart Townsend anali Lestat, singalowe m'malo mwa bukuli. Aaliyah, amene anamwalira mu 2001 filimuyo isanatuluke, anaseweramo mokopa maso, koma Mekare mulibe, nthano ya mapasa ndi Amel inachotsedwa, ndipo Marius anasandutsidwa wopanga Lestat pamene m'mabuku ndi Magnus. Anachotsa katundu yense uja n'kusiya nyimbo. Amene anaonera filimuyo n'kuganiza kuti nkhaniyi akuidziwa sanalawe n'komwe chimene owerenga amakanganirana. Dziwaninso kuti Rice, amene anamwalira mu 2021, anadzabwerera kwa Amel m'mabuku a 2014 ndi 2016, ndipo lomalizalo linamupatsa chiyambi china chokhudzana ndi Atlantis, dziko la m'nthano limene linamira m'nyanja. Ife tikuona kuti nthano ya 1988 imaima bwino popanda zowonjezerazo. Amel wosadziwika kumene anachokera, mzimu wachibwana umene unangofuna kulawa thupi, ndi woopsa kuposa Amel wofotokozedwa mpaka kumizu.

Mantha a m'bukuli si odzidzimutsa ayi. Mulibe zitseko zolira usiku kapena chilombo chobisala kuseri kwa bedi. Choopsa chake ndi nthawi: kukhala zaka zikwi uli wekha, kuiwala dzina lako ngati Khayman, kusunga ziboliboli ziwiri zaka 2,000 ngati Marius n'kudzazindikira kuti chimodzi chinkakuona n'kumakunyoza nthawi yonseyo. Wofuna nkhani yothamanga ya alenje ndi zikhomo zamtengo adzakhumudwa. Wokonda kufunsa kuti chinthu chinayamba bwanji ndipo chimagwira ntchito motani adzalipidwa kuleza mtima kwake m'gawo lachitatu. Muli kugwirira, kudya mitembo, kudula ziwalo ndi kupha anthu mwaunyinji, zina zofotokozedwa mwatsatanetsatane, choncho si buku lopatsa ana, ndipo wamkulu amene nkhani za kugwiriridwa zimamukhudza adziwe kuti mbali imeneyo ili m'chigawo choyamba cha nthano ya Maharet.